Uthenga Umene Ndinaimika Pageti ku Nyimba

Esinati ndi Mabvuto, ana anga,

Mwezi watha anyamata amene akufuna kuutsa timu ya Nyundo anandibweletsela kabuku ka mbili ya kalabu, ati ndiwaonele ngati muli zolakwa, popeza mwa akuluakulu a nthawi ija ndatsala ndekha. Ndapezamo zolakwa zisanu ndi chimodzi. Zisanu n'zazing'ono: maina okhota, chithunzi choikidwa pa nyengo yosayenela. Chotsalacho chili chakumapeto, pamene akuti Zuze, womwetsa zigoli wathu, anasiya mpila chifukwa cha bondo. Mau amenewo anyamatawo sanapeke. Anawakopela mu nyuzipepala yakale, ndipo amene anawalemba ndine. Za ubwana wanga ku Kalindawalo munazimva kwa ambuya anu mpaka kutopa, choncho ndiyambila pa nchito.

Chaka choyamba

Nchito ya nyuzi ndinaiphunzila ku Chipata, pansi pa mkonzi wina wa magalasi ochindikala amene ankang'amba pepala lililonse losayankha mafunso anai: ndani, chiyani, kuti, nthawi yanji. Lomalizali ndilo ankalikonda. "Daka, munthu wosadziwa nthawi sanalipo," ankatelo. Ndinagula wochi ndisanagule nsapato zabwino. Patapita zaka ziwili ananditumiza ku Petauke kuti ndizilemba za makhoti, za misika ya thonje ndi za mpila. Loweluka lina ndinaonela timu ya anchito a pajinale, pamene amapuntha thonje, ikuluza zigoli zinai kwa ziwili, ndipo ndinalemba zimene ndinaona. Lachiwili lake manijala wa jinale, a Sakala, amene analinso tcheyamani wa timuyo, anandiitanitsa. Anali munthu wamtali, wometa bwino, wosakweza mau.

"Ndinu a Daka aja munalemba kuti anyamata anga anasewela ngati nkhuku zothilidwa madzi?"

"Ndinalemba zimene ndinaona, bambo."

"Ndiye bwelani muzione pafupi. Tifuna mlembi wodziwa kulemba kalata yoti ku Lusaka akaiwelenge osaseka."

Umu ndi mmene ndinakhalila kalaliki wa jinale mkati mwa sabata, mlembi wa Nyundo Loweluka, ndipo nyuzi ndinapitiliza kuitumizila nkhani za mpila. Kuti munthu azilemba za timu imene iye mwini akuiyendetsa, palibe anaona cholakwika, ngakhale ine.

Timuyo anaiyambitsa amakanika a pajinale ine ndisanabwele. Dzina linachokela ku nyundo imene ankamenyela chitsulo cha wilo ya thilakitala poitana anthu ku nchito. Chitsulo chomwecho ankachinyamula kupita nacho kubwalo, ndipo chigoli chikalowa chinkalila mpaka kumsika. Katundu amene ndinalandila anali uyu: mipila iwili, umodzi wosokedwa ndi wokonza nsapato wa pasiteshoni, majezi khumi ndi anai osokedwa ku nsalu yokutila mabelo, yonyikidwa mu utoto wabuluu umene unkasuluka m'thupi thukuta likayamba, ndi nsapato za mpila zokwana anthu asanu ndi anai. Awili ankalowa ndi nsapato za tenesi. Wolowa m'malo mwa mnzake ankaima pamzele kudikila wotulukayo avule. Mizele ya bwalo tinkalemba ndi phulusa. Ulendo uliwonse unali wa pa loli ya thonje, ndipo tinkatsika tili mbuu, tsitsi ndi nsidze zomwe. Ku Nyimba ankatilandila ndi mfuu: "Afika azungu a ku Petauke!" Koma anthu ankaikonda timuyo chifukwa inali yawo. Goloboyi anali wa ku Ndake, otchinga kumbuyo a ku Kalindawalo, ndipo azimai a kwaya ankabwela kudzaimba m'mbali mwa bwalo, aliyense kuitana mwana wa mnansi wake ndi dzina la paubwana.

Chaka chachinai

Zuze tinamuona pabwalo la sukulu ku Minga, tsiku la chikondwelelo cha mpingo. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi awili, wamfupi, wopanda nsapato, womenya ndi mwendo wamanzele. Kochi wathu, a Njobvu, anandikoka malaya mphindi khumi zisanathe: "A mlembi, lembani dzina la uyo, ena asanamuone." Mudzi wawo unali kuseli kwa Minga, ulendo wa theka la ola pa loli kuchoka pamsewu waukulu. Tinapitako ine ndi a Sakala kukamupempha kwa amai ake.

Amai Lozaliya tinawapeza akusenda nshawa pakhonde. Anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, Zuze ali wamng'ono. Amuna awo, alongo awo ndi ana awo ena awili anatsala kumeneko, ndipo sanamveke. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela, iwo anakana, ati kulibe wowadikila. Anamvetsela a Sakala akufotokoza za nchito ya pajinale, za nyumba, za tsogolo, manja awo osaleka kusenda. Atatha anayankha moyang'ana ine, mwina chifukwa ndine ndinali ndi buku.

"Bambo, ine ndili naye mmodzi uyu. Kuno ndilibe mlongo, ndilibe malume, ndilibe wa magazi anga wina aliyense. Anthu a pano anandisunga bwino, sindidandaula. Mutengeni akamenye mpila wanuwo. Koma tsiku langa likafika mundibwezele, adzaponye dothi loyamba. Sindinathawe naye mtunda wonse uja kuti ndidzaikidwe ndi alendo okhaokha."

A Sakala anaseka. "Amai, ngakhale pa ndege tidzam'bweletsa."

"Ndege sindiidziwa. Ndifunsa awa olemba."

"Mau anu ndawasunga, amai," ndinatelo. Anatipatsa nshawa m'kambale, tinanyamuka.

Zaka zitatu zotsatila ndizo zimene kabuku ka anyamata aja kakuzitcha zagolide, ndipo pamenepo sikananame. Tinakwela magawo awili. Zuze sankayankhula zambili, sankamwa, ndipo akagoletsa sankavina. Ankangobwelela pakati mutu uli pansi ngati munthu wochoka kumunda. Kumabwalo achilendo ankamukuwiza kuti "wothawa nkhondo," ndipo ngakhale pa Petauke pomwe ena ankamutchula choncho mpaka atagoletsa, pamenepo n'kukhala "mwana wathu." Lamlungu lililonse lopanda mpila ankapalasa njinga kupita kwa amai ake ndi shuga ndi sopo.

Chaka chachisanu ndi chiwili, Okutobala

Tinatsala ndi mpila umodzi, ku Nyimba, ndi timu ya kumeneko yotchedwa Mabingu. Kupambana kunali kulowa ligi yaikulu ya dziko: osewela kusiya makina n'kumalandila malipilo a mpila okhaokha, bwalo kumangidwa mpanda, matimu a ku Lusaka ndi ku Migodi kubwela pa Petauke. Kufanana mphamvu sikukanatithandiza. Sabata imeneyo amai Lozaliya anali kudwala chifuwa. Zuze anakawaona Lachitatu, iwo n'kumuuza kuti apite.

Kuyambila Lachinai tinagona pasukulu ina ya pulaimale kunja kwa Nyimba. Kampu inali ndi lamulo limene matimu onse a masiku amenewo anali nalo: wosewela sapatsa moni munthu wakunja, salandila chakudya chakunja, saonana ndi mkazi kapena mbale mpaka mpila utatha. Ena ankati n'kuopa mankhwala a adani, a Njobvu ankati n'kuopa mowa. Mlonda wa lamulolo ndinali ine. Ndinkakhala pampando pageti ndi buku langa.

Loweluka m'mawa, mphindi makumi awili zitapitilila 9 koloko, ndinaona munthu akukankha njinga ya chonyamulila chofiila. Anali a Mwanza, katekisti wa kumudzi kwa Zuze, mkulu wa imvi, thalauza lomangidwa ndi luzi m'akakolo, fumbi mpaka m'makutu. Ananyamuka tambala woyamba atalila.

Inu mwazolowela kumva imfa pafoni muli m'basi, choncho ndifotokoze. Kwathu uthenga wa malilo sauponya pamaso pa mwini wake. Wamthenga amafuna wamkulu amene akusunga munthuyo kumene ali, amamutengela pambali, n'kumuuza zonse. Kuyambila pamenepo katundu wachoka pamutu pa wamthenga, wakhala pamutu pa wamkuluyo. Ndiye amam'khazika pansi mwini malilo, ndiye amapita naye kumudzi. Wamthenga sangamulumphe wamkulu ameneyo, kutelo n'kumunyoza. Mwambo umenewu unaikidwa kuti munthu asagwe yekha panjila. Anauika osaganiza kuti kudzakhala wamkulu wonga ine.

"Mwauka tyani, a Daka?"

"Tauka, a katekisti. Kwagwanji m'mawa muno?"

Anavula chipewa. "Amai Lozaliya atisiya mailo, dzuwa litapendeka. Kutentha uku mukukuona, thupi silingagone kawili. Adzukulu ayamba kale kukumba. Tingadikile mpaka 3 koloko, kupitilila apo awe. Uthenga nautula kwa imwe, a mlembi."

Mpila unali kuyamba 3 koloko yomweyo. Loli inali pansi pa mtengo wa mango, mafuta odzaza, dilaiva akutsuka galasi. Kuchoka pasukulupo kufika kumudzi sikukanatha maola awili. Ndinawauza a Mwanza kuti akhale pampando wanga, ndinapita kukafuna a Sakala. Ndinawapeza kuseli kwa kalasi akumeta ndevu pa galasi la galimoto yawo. Anamva zonse lumo lili m'manja.

"Ndani wina wamva?"

"Palibe."

"A Njobvu?"

"Iyai."

"Ndiye palibe chimene chachitika."

"A tcheya, tinalonjeza. Munalipo."

"Tinalonjeza munthu wamoyo." Anapukuta lumo pa thaulo. "A Daka, mwana wawo akapita, mai aja adzauka? Zaka zonsezi tikukwela loli ya thonje ngati mbuzi. Anyamata makumi awili ali m'kalasimo, amai awo ali moyo ndipo amadya. Mukufuna mukawauze kuti abwelele ku makina chifukwa cha maola asanu? Manda sathawa. Akalila madzulo."

"Nanga a katekisti ndiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti tibwela naye pa loli. Si bodza. Tibwela naye."

Pano ndilembe mosamala, chifukwa zaka zambili ndakhala ndikuuza mtima wanga kuti a Sakala ndiwo anachita. A Sakala sananditseke pakamwa. Uthenga sunatulidwe kwa iwo, unatulidwa kwa ine. Kalasi imene Zuze anagona inali mapazi makumi atatu kuchoka pamene ndinaima, ndipo ndikanauza a Njobvu okha, loli ikananyamuka nthawi yomweyo. Nchito ya pajinale ndinkaiopela, inde, Esinati unali wakhanda. Koma choonadi n'chakuti ligi yaikulu ndinkaifuna ngati mmene a Sakala ankaifunila. Nkhani ya kupambana ndinali nditailemba kale theka m'mutu, ndipo ndinkaona dzina langa pamwamba pake.

Ndinabwelela kugeti ndi kapu ya madzi. "Tsogolani, a katekisti. Tikupezani panjila ndi loli."

"Nimuoneko pang'ono mwanayo?"

"Lamulo la kampu, a katekisti. Musiyeni kwa ine."

Anamwa madziwo, anati Mulungu andidalitse, n'kukwela njinga.

Masana ndikugawa majezi, Zuze analandila yake ya nambala naini koma sanachoke. "A mlembi, njinga ija inali pageti, ya chonyamulila chofiila, si ya a Mwanza?"

"Ndi yawo. Anali ndi ulendo wa mpingo, anangopatuka."

"Akuti bwanji amama?"

"Akuti adya phala m'mawa. Akuti umenye ziwili."

Anaseka, chinthu chimene sankachita kawilikawili. "Amama sadziwa n'komwe kuti goli ili mbali iti."

Wezulo inalila 3 koloko yeniyeni, ndinayang'ana wochi. Bwalo linadzaza mpaka m'mitengo, ogulitsa nthochi anasiya malichelo awo osayang'anila. A ku Nyimba ankakuwa: "Wothawa nkhondo, lelo uthawila kuti?" Mpila unali woipa, wa fumbi ndi zigongono. Zitatsala mphindi khumi, Zuze analandila mpila atafulatila goli, anatembenuka, n'kumenya ndi wamanzele. Unalowa pakona yapansi. Chitsulo chinalila. Munthu amene sankasangalala ndi chigoli anathamangila kumene ndinakhala, anandionetsa chala chimodzi akuseka: "Yatsala imodzi, a mlembi!" Yachiwiliyo sinabwele. Tinapambana ndi chigoli chimenecho.

A Sakala anakwela galimoto yawo n'kutsogola ku Petauke, kumene mbuzi zinali zitaphedwa kale. Ife tinatsatila pa loli, anyamata akuimba, Zuze atamukweza pamwamba pa matumba. Titafika pa mphambano ya ku Minga dzuwa lili lofiila, ndinamenya denga la dilaiva. Ndinamutsitsa Zuze, ndinapita naye m'mbali mwa msewu, ndinamukhazika pa mwala monga mwambo unenela, mochedwa ndi maola asanu ndi anai. Sanalile. Anandifunsa funso la mkonzi wanga uja.

"Uthenga unafika nthawi yanji?"

Ine amene sindinalakwitsepo nthawi mu nyuzi ndinati, "Mpila uli mkati."

"Njinga ndinaiona m'mawa, a mlembi."

Nyimbo inali itaduka pa loli. A Njobvu anatsika, anandiyang'ana kuyambila kumapazi. "Daka, iwe unabadwa kwa mkazi?" Sanadikile yankho. Anauza dilaiva kuti akhote.

Tinalowa m'mudzi anthu atabwelako kale kumanda. Anadikila mpaka 4 koloko itapitilila, chifukwa mlembi anati loli ikubwela. Amuna awili anawaika pamsewu kuti aziyang'ana fumbi. Dothi loyamba anaponya mai wina woyandikana nawo nyumba, amene ankatunga nawo pachitsime chimodzi. A Mwanza anaimilila pakati pa anthu, osakuwa. "A Daka, n'nakutulani uthenga ngati munthu. Mukananiuza kuti simufuna, nikanalowa nekha, lamulo kapena popanda lamulo." Zuze anapita kumanda ndi anzake onse, majezi ali m'thupi. Ine ndinatsala pa loli, palibe anandiitana. Pobwela Zuze anavula jezi, anaipinda, anavula nsapato, n'kuziika m'manja mwanga. "Katundu wa kalabu, a mlembi." Analowa m'nyumba ya amai ake wopanda malaya.

Lolemba ndinatumiza nkhani yaitali kuposa zonse zimene ndinalembapo. Inali ndi mphindi ya chigoli, mwendo umene unamenya, ngakhale mbali imene mphepo inkachokela. Za malilo munalibe. Nyengo yatsopano itayandikila, mkonzi anafunsa kuti womwetsa zigoli ali kuti. A Sakala anati, "Lembani bondo." Ndinalemba bondo.

Chaka chachisanu ndi chitatu kufika chakhumi

Mpanda unamangidwa, ndi kamsasa ka malata ka akuluakulu. Majezi anabwela ogula, nsapato zokwana aliyense, basi m'malo mwa loli. A Njobvu sanakwelemo, anasiya sabata yomweyo ya malilo. Mwa anyamata amene anapita kumanda aja, asanu ndi mmodzi anachoka nyengo yoyamba isanathe, aliyense ndi chifukwa chake chimene sichinali chifukwa. Nyuzi inanena za bondo, koma kumidzi sawelenga nyuzi, amamvela pamalilo ndi pachigayo. Kumeneko dzina lathu linasintha, tinakhala timu yobisa malilo. Ndinapita ku Ndake kukapempha mnyamata wina waliwilo, atate ake anandilandila bwino, anandipatsa mpando. Nditatha kufotokoza anati, "Palibe vuto, a mlembi. Koma mundisiyileko ndandanda ya masewelo anu, kuti ine ndi amake tisankhiletu sabata yopanda mpila yofela." Anthu amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwila nthiti. Ndinabwelela ndekha.

A Sakala anati alimi a thonje atisowetsa mtendele, n'kubweletsa osewela a ku Migodi. Anali odziwa mpila, sindikana, koma panalibe wowaitana ndi dzina la paubwana. Azimai a kwaya analeka kubwela. Anthu amene kale ankaonela ulele atakwela pa chulu tsopano anapeza geti, ndipo ambili anaona kuti alendo khumi ndi mmodzi omenyana ndi alendo khumi ndi mmodzi si chinthu chosiyila munda. Nyengo yoyamba tinapulumuka, yachiwili tinapulumuka pa mpila womaliza, yachitatu tinatsika. Osewela a ku Migodi anakwela basi yawo sabata yomweyo. Chaka chotsatila jinale inagulitsidwa, ndipo eni atsopano anaona kuti bwalo la mpanda ndi malo abwino oimikapo malole. Chitsulo chija anachitenga ogula zitsulo zakutha. Nyundo yeniyeniyo sindidziwa kumene inapita.

Maola asanu aja anatigulila nyengo zitatu. A Sakala analowa ndale za m'boma, anakhala munthu wamkulu, ndipo pamalilo awo panali matenti atatu. Olankhula anawatcha tate wa mpila wa chigawo chino. Ana awo onse analipo. Amene anali kunja kwa dziko anamudikila masiku anai, thupi lili m'chipinda chozizila. Ine ndinakhala kumbuyo ndikuwelenga masikuwo. Ndinapitiliza ukalaliki kwa eni atsopano mpaka kupuma, ndipo nyuzi ndinasiya kuitumizila nkhani popanda wondiletsa. Kwa Zuze ndinapita kawili. Ulendo woyamba anansi anati ali kumunda, ngakhale njinga ndi khasu zinali pakhomo. Wachiwili anandilandila, anandipatsa mpando ndi nshawa, ndipo nthawi iliyonse imene ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, ankafunsa ngati mvula yagwa ku Kalindawalo.

Chaka chimene amai anu anatisiya

Mukukumbukila kuti tinawaika ku Kalindawalo nthawi ya mvula, dothi lili lolemela. M'mawa wa tsiku loika ndinapita kumanda kukaona adzukulu, ndipo m'dzenje ndinapezamo munthu wamfupi, wa imvi, akukumba ndi khasu lobwela nalo yekha. Mabvuto, unandifunsa kuti ndani, ndinakuyankha kuti mnzanga wa kunchito. Anali Zuze. Si mdzukulu wathu, si mnansi, palibe chimene chinamukakamiza. Adzukulu anandiuza kuti anamupeza atakhala kale pa njinga yake pamanda, akudikila kuti amuonetse pokumba. Titaika, anthu akusamba m'manja, ndinamupeza akupala matope pa khasu ndi kamtengo.

"Zuze, wamva bwanji?"

"Wina ananena pamsika mailo. Uthenga wa malilo ukafika, munthu amanyamuka, a mlembi."

"Zuze, tsiku lija ku Nyimba..."

"Pitani kwa ana anu. Akulila okha."

Anamanga khasu pa njinga, n'kupita osadya. Ndaganiza kwambili ngati kukumba kuja kunali kukhululuka kapena kunali kundimenya. Sindidziwa, ndipo zimene sindidziwa sindilemba.

Lelo

Kabuku kaja ndinabweza ndi zokonza zanga. Zisanu anazilandila ndi kuthokoza. Pa chachisanu ndi chimodzi mtsogoleli wawo anakanda mutu. "Bambo, izi n'zoona, tamva, koma manje tikufuna otithandiza. Nkhani ya malilo idzaononga dzina la kalabu. Bondo lili bwino chabe." Ndinamuyang'ana, mnyamata wometa bwino, wosakweza mau. Timu isanagule ndi mpila umodzi womwe, tcheyamani yapeza kale.

Choncho ndilemba pano, mmene ndinaphunzilila. Ndani: ine, Daka, mlembi wa Nyundo. Chiyani: ndinalandila uthenga wa imfa ya amai Lozaliya, ndinaubisa kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo atandifunsa ndinamuuza kuti adya phala. Kuti: pageti la sukulu, kunja kwa Nyimba. Nthawi yanji: mphindi makumi awili zitapitilila 9 koloko m'mawa, loli ili ndi mafuta. Bondo la Zuze linalibe kanthu. Mpaka lelo amapalasa njinga kuchoka ku Minga kufika pa Petauke osatsika pa chitunda.

Tsiku langa likafika, Mabvuto, uthenga wa Zuze usaupatse wamkulu aliyense kuti akautule. Upite wekha, ola lomwelo, ukamuuze pamaso pake, ndi tsiku ndi nthawi yoika. Usamupemphe kuti abwele, usamuletsenso. Kubwela kapena kusabwela asankhe yekha. Chimenecho ndicho ndinamulanda.